Msuweni Wanga ndi Khosi la Gitala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene msuweni wanga Tiyamike anabwera kudzakhala kwathu ku Amaveni, m'tauni ya Kwekwe ku Zimbabwe. Zinali zaka zija zimene m'masitolo munkangokhala mashelefu okhaokha, magetsi ankabwera ngati mlendo wongodutsa, ndipo munthu akaona mzere ankayamba waimapo kenako n'kumafunsa chomwe chikugulitsidwa kutsogoloko. Anzanga akamakumbukira nthawi imeneyo amasimba za njala. Njalayo inenso ndinaimva, koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali thabwa lotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, khosi la gitala ya bambo anga.

Ababa anabadwira m'komboni ya pamgodi. Agogo anachoka ku Dedza ali anyamata kudzakumba golide, ndipo atatopa anabwerera kwawo pamodzi ndi mwana wawo wamng'ono, azakhali anga. Ababa anatsala chifukwa anali atapeza kale ntchito yokonza makina pamgodipo, komanso anali ataonana kale ndi amayi. Mgodi utachepetsa antchito, chotidyetsa chinatsala chinali gitala yawo yamagetsi. Ankaimba ndi anzawo m'mabawa ndi pamaukwati, ndipo amene ankavina kwambiri anali makorokoza, anyamata okumba golide paokha m'maenje akale.

Gitalayo inali yofiira, yakalekale, utoto utakanduka pamalo pomwe mkono unkagona. Koma kumbuyo kwa khosi lake kunalibe utoto kapena vanishi. Ababa anapala okha atangoigula, chifukwa ankati vanishi amagwira dzanja ukatuluka thukuta, pamene thabwa lomwa mafuta limalola dzanja kutsetsereka. Thabwa lotere limafuna chisamaliro. Akabwera koimba, asanavule n'komwe nsapato, ankalipukuta ndi kansanza kouma. Chisanu chikamayamba, ndiponso m'chilimwe mvula isanagwe, ankalitsuka n'kulidzoza mafuta a linisidi. Mafutawo ankawasunga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Anawapatsa ndi mnzawo wina wosamalira bwalo la kilabu ya pamgodi, komwe kale azungu ankadzozera matabwa awo omenyera mpira wa kiriketi.

M'nyumba mwathu lamulo linali lodziwika: gitala sikhudzidwa. Amayi ankaitcha "mkazi mnzanga", ndipo akamasesa ankailambalala ngati mmene munthu amalambalalira apongozi. Kamchimwene kanga Yohane, ka zaka zitatu, kankadziwa kale kuti pangodya pamenepo sipaseweredwa. Ine ndinkayang'ana khosi lija likunyezimira, n'kuyang'ana miyendo yanga yotuwa mbuu chifukwa mafuta odzola anali atasowa m'tauni monse, ndipo ndinkang'ung'udza chamumtima. Komabe imeneyo inali nsanje yoti munthu n'kuiseka. Gitala inali yoletsedwa kwa tonse mofanana, ndipo choletsedwa kwa onse sichipweteka kwambiri.

Azakhali anali atabweranso ku Zimbabwe, akugulitsa zitenje ndi mpunga kwa anthu a m'migodi ing'onoing'ono ya ku Mvuma. Anadwala masiku ochepa chabe n'kumwalira. Ababa anakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita kumaliro, ndipo pobwera anatsika ndi Tiyamike, mwana wa azakhaliwo, mtsikana wowonda wonyamula chikwama cha mizeremizere. Bambo ake palibe ankadziwa komwe anali. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiye panalibe zokambirana. Anamuyalira mphasa pafupi ndi yanga.

Masabata oyamba Tiyamike sankalankhula. Ankadya atawerama, ankatsuka mbale yake ndi za ena onse, ndipo akamaliza ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumadziluma zikhadabo mpaka magazi. Ndinkamumvera chisoni, mpaka ndinamupatsa juzi yanga ina. Chisonicho chinayamba kuchepa tsiku limene anatsegula pakamwa. Ababa anamufunsa ngati wakhuta, iye n'kuyankha atagwada, "Ndakhuta, malume. Mulungu abwezere pomwe mwachotsa." Ababa anasiya kutafuna. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana uyu akulankhula ngati amayi anga."

Ine Chichewa changa chinali cha ku Amaveni, chosakanikirana ndi Chishona. Ndikamva ludzu ndinkati, "Ndipatseni mvura," ndipo ababa ankayankha kuti mvula ndikapemphe kwa Mulungu, iwo angandipatse madzi okha. Kale ndinkaseka nawo. Tiyamike atabwera, nthabwala yomweyo inayamba kundibaya, chifukwa ndinkaona kuti pali chilankhulo china chofika pamtima pa ababa chimene ine ndinalibe.

Tsiku limene zinthu zinasintha linali Loweruka lina la m'chilimwe. Magetsi kunalibe kuyambira m'mawa. Ndinali panja ndikukwecha mapoto ndi phulusa ndi madzi a m'chigubu, pamene ababa anatuluka ndi gitala, nsanza ndi kabotolo kaja, n'kukhala pakhonde. Zimenezo sizinali zachilendo. Chachilendo chinali mawu awo.

"Tiyamike, kasambe m'manja ndi sopo, upukute bwinobwino, ubwere kuno."

Ndinaganiza kuti akufuna kumutuma. Koma atabwera anamukhazika pambali pawo n'kugoneka gitala ija pamiyendo pake. Poto anandipulumuka m'manja. Ine wobadwira m'nyumba imeneyo ndinali ndisanaikhudzepo ndi chala chomwe, ndipo mlendo wa dzulodzuloli anali ataifukata ngati mwana wake.

Ababa anayamba ndi kumasula nsambo. Kenako anaphimba ndi pepala timaginito tija totola mawu, chifukwa ankati tizidutswa ta waya wokwechera timathamangira pamenepo ndipo tikalowa sitituluka. Anamupatsa kansanza konyowa n'kumuuza kuti akafinye mpaka dontho lisatuluke.

"Madzi ndi mdani wa thabwa ili," anatero. "Tikungofuna kuchotsa thukuta ndi litsiro la manja anga. Yenda motsata mizere ya thabwa, kuchokera kumutu kutsikira kuthupi. Usapingase."

Pamalo pomwe chala chachikulu chinkakonda kukhala panali poderapo. Pamenepo anakwechapo pang'onopang'ono ndi waya wofewa ngati ubweya, osati uja wa mapoto anga. Atapukuta fumbi lake, anadontheza mafuta pakansanza kena, timadontho tochepa toti munthu woona akanati n'kumana. Tiyamike anapaka, dzanja likunjenjemera. Fungo lake, lokhala ngati la mtedza wokazinga wosakanikirana ndi utoto, linandipeza pomwe ndinali.

"Tsopano tidikire," anatero ababa, "ngati mmene umadikirira tiyi kuti azizire. Thabwa limwe mafuta omwe likufuna. Otsalawo tiwachotse onse ndi nsanza youma. Ukawasiya, mawa khosi lidzamata ngati ulimbo, ndipo dzanja silidzayenda."

Pomaliza anamuuza kuti akayanike kansanza ka mafuta kaja pamwala, kotambasula, kutali ndi nyumba, chifukwa kakakhala kokulungidwa kamatentha kokha mpaka kuyaka. Tiyamike anafunsa ngati mafuta ophikira sangagwire ntchito yomweyo. Ababa anaseka, kuseka kuja kochokera m'mimba kumene ndinali ndisanakumve chichokereni ntchito yawo, n'kumuuza kuti mafuta ophikira sauma, amangovunda m'thabwa n'kuyamba kununkha. Ine ndinakwecha poto uja mpaka zala zinayamba kuwawa.

Kuyambira pamenepo kupukuta khosi kunakhala ntchito ya Tiyamike. Ababa akabwera koimba ankangomupatsira. Posakhalitsa anayamba kumuonetsa poika zala. Popanda magetsi gitala yamagetsi imalira motsitsa ngati udzudzu, moti awiriwo ankagundanitsa mitu kuti amve, ndipo ine ndinkangoona misana yawo. Anasiya kudziluma zikhadabo chifukwa ababa anati nsambo zimafuna zala zabwinobwino. Anayamba kuseka. Aliyense ankayamikira kuti mwana wamasiye uja watsitsimuka. Lamlungu lina ababa anapemphedwa kukaimba kutchalitchi, ndipo amene ananyamula gitala m'njira monse anali Tiyamike. Ine ndinkayenda pambuyo nditabereka Yohane. Mayi wina anatiimitsa pachipata n'kunena kuti, "A Mbewe, mwana wanuyu watengera luso lanu," akuloza msuweni wanga. Ababa sanamukonze. Anangomwetulira.

Asuweni amayenera kuseleulana, koma ife tinkagona moyandikana ngati anthu okumana m'basi. Akamagwira ntchito yake ndinkakhala patali ndi buku kapena lichero, maso ali pamanja ake, kudikira kuti alakwitse. Akalumpha malo ena pafupi ndi mutu wa gitala ndinkaona. Chisanu chitafika anachulutsa mafuta pang'ono, ndipo ndinaona. Ndinkayembekeza kuti ababa amukalipira ngati mmene ankandikalipirira ine ndikataya madzi, koma iwo ankangomugwira dzanja n'kulibweza pamalo oyenera.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ababa ankamanga zingwe za nsapato, akuthamangira kombi.

"Baba, inenso ndingapukuteko?"

"Mawa, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu.

Mawalo anaiwala, ndipo ine sindinapemphenso. Ndinkati mumtima, mwana wa m'nyumba sapempha kawiri chinthu chomwe mlendo anapatsidwa osapempha.

Zinthu zinapitirira kuipa. M'mabawa mowa unasowa, jenereta inasowa mafuta, ndipo woimba ng'oma wa gulu lawo anakalowa nawo m'maenje a golide. Ababa anaganiza zopita ku Botswana kukafuna maganyu. Gitala sakanapita nayo, chifukwa njira imene ankadutsa inali yokwawa pansi pa waya. M'mawa wa ulendowo anaima pakhomo atanyamula kachikwama. Analankhula ndi amayi motsitsa, anakweza Yohane m'mwamba, kenako anatulutsa kabotolo kaja m'thumba n'kukaika m'manja mwa Tiyamike.

"Gitala ndaisiya m'manja mwako, mwana wanga. Ndidzaipeze ili moyo."

Anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekeza kuti nanenso andisiyira kanthu, kaya wotchi yawo imene inafa kalekale. Anandisisita pamutu.

"Iwe Eneless, uzimvera amayi ako."

Basi, anatuluka pachipata.

Masana ake ndinapita ndi amayi kumjigo, komwe mzere wa zigubu unkafika mpaka kumsewu. Ndinali nditafufuma ngati finye. Amayi anandisiya nthawi yaitali, kenako anafunsa chomwe chandiluma. Zonse zinatuluka nthawi imodzi, Chishona ndi Chichewa zikupondana: kuti ababa amakonda mwana wa eni, kuti ine ndine wantchito wotsuka mapoto, kuti iye amusiyira gitala pomwe ine andisiyira mawu okha.

Amayi anatula chigubu chawo pansi. Sanakweze mawu, chifukwa anthu anali pafupi.

"Ndiye tichite chonchi. Tikafika kunyumba musinthane. Iwe utenge thabwalo ndi kabotolo kake, iye atenge ine. Akadwala ndizimufunditsa ndine, akalota zoopsa aziitana ine. Iwe ukadwala uziitana gitala. Wavomera?"

Mawuwo sanandichiritse pomwepo ayi. Ndinangoti mumtima akuluakulu onse amakondera ana amasiye, ndipo nditatunga ndinasenza chigubu changa n'kutsogola.

Miyezi inadutsa. Ababa anatumiza sopo ndi shuga kudzera mwa dalaivala wina, kenako kunangoti zii. M'mawa tinkadya maputi, chimanga chokazinga chophulika, masana maula, omwe kuno timati chakata, amene amayi ankakatola kutchire. Yohane anasiya kusewera. Tsitsi lake linayamba kufiira, ndipo ankangokhala pamthunzi akuyamwa chala. Koma Loweruka lililonse Tiyamike ankatulutsabe gitala, kuipukuta, kutsinzina diso limodzi n'kuyang'ana ngati khosi silinapindike, kenako kuibwezera pangodya pake, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyezi. Ine ndinkamuonerabe, mimba ikulira, mtima ukuwawa.

Panali korokoza wina dzina lake Tawanda, amene ankakonda kuimba kwa ababa ndipo anawapemphapo kangapo kuti amugulitse gitalayo. Chaka chimenecho dzenje lake linamukomera. Anabwera kwa amayi n'kunena kuti apereka thumba lalikulu la ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mkaka wa mwana. Amayi anakana. Patapita masabata angapo Yohane anatsegula m'mimba, ndipo anesi a kukiliniki anawauza kuti mankhwala amene mwanayo akufuna kwambiri ndi chakudya. Atabwerako amayi anaitana Tiyamike. Anakhala naye pamphasa ngati akulankhula ndi munthu wamkulu.

"Mwana wanga, ndikudziwa kuti malume ako anakusungiza iwe. Koma tamuona Yohane."

Tiyamike anayang'ana Yohane, n'kuyang'ana pangodya paja.

"Ndamva, anti. Ndiloleni ndiikonze kaye, isapite yakuda."

Ine mumtima munandikomera. Ndinasangalala chifukwa cha ufa, inde, koma pansi pa chisangalalo chimenecho panali china: tsopano tifanana. Iye sadzakhalanso ndi chomwe ine ndilibe.

M'mawa mwake anachita zonse monga anaphunzirira, mosafulumira, mpaka kuyanika kansanza pamwala. Tsiku linalo Tawanda anabwera akukankha wilibala ya zakudya. Amayi analandira n'kulowa m'nyumba ndi Yohane, osafuna kuona zotsatira. Manja a Tawanda anali ofiira ndi dothi la m'dzenje, lolowerera mpaka m'ming'alu ya khungu. Atatambasula dzanja kuti alandire gitala, Tiyamike anabwerera m'mbuyo ataikumbatira.

"Asambe kaye m'manja," anatero.

Tawanda sanamve, chifukwa Chichewa sankachidziwa, ndipo Chishona cha Tiyamike chinali chidakali chokwawa. Womasulira ndinatsala ine.

"Mukoma, hanzi gezai maoko," ndinatero.

Iye anaseka, koma ataona nkhope ya Tiyamike anasiya, n'kupita pachigubu kukasamba mpaka madzi anasiya kufiira. Tiyamike anayamba kumulangiza kudzera mwa ine.

"Umuuze kuti akamaliza kuimba azipukuta ndi nsanza youma. Umuuze kuti madzi…"

Mawu anathera pomwepo. Milomo inkayenda koma palibe chinkatuluka. Tawanda anayang'ana ine, akudikira.

Sindikudziwa chomwe chinandigwira. Ndinangopitiriza ndekha m'Chishona, osafunsa munthu. Ndinamuuza za kufinya nsanza, za kutsata mizere ya thabwa, za kuphimba timaginito, za nthawi yodzoza mafuta ndi kuchotsa otsala. Ndinamuchenjeza kuti asayerekeze mafuta ophikira kapena polishi wa pansi. Mawu a ababa ankangotuluka m'kamwa mwanga, mpaka mmene ankakokera mawu ena. Pofuna kumuonetsa pamalo pomwe pamada msanga, ndinaika chala pathabwa lija. Aka kanali koyamba kulikhudza. Linali losalala ngati mwala wa mumtsinje, koma lofunda, ndipo chala chinangotsetsereka chokha monga ankanenera ababa. Ndinalikhudza pa tsiku lomwe linkachoka.

Tawanda anamvetsera ngati mwana wasukulu. Analandira kabotolo ndi manja awiri, anakulunga gitala m'bulangeti n'kuigoneka m'wilibala, napita.

Tiyamike anapita kuseri kwa nyumba. Ndinamutsatira, ngakhale sindinkadziwa choti ndikamuuze. Chisangalalo chija chinali chitathawa, ndipo m'malo mwake munangotsala mphako. Tinakhala pansi tikumva amayi akumasula thumba la ufa.

"Unazidziwa bwanji zonse zija?" anafunsa.

"Ndinkaona."

"Ndinkadziwa kuti ukuona. Ndinkamva maso ako pamsana panga." Anatola kamwala n'kumakatembenuza m'manja. "Ndinkaganiza kuti ukudikira ndilakwitse kuti ukanene, andibweze."

"Akubweze kuti?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndinkaopa."

Anandiuza kuti tsiku lija ababa anagoneka gitala pamiyendo pake anaona ngati amusenzetsa mazira a eni. Ankaikonda, ndipo ankakonda malume ake, koma nthawi iliyonse akagwira nsanza ankaganiza kuti ntchito imeneyi ndi imene ikumusungitsa pamphasa yomwe amagonapo. Tsopano gitala inali itapita, ndipo sankadziwa kuti m'nyumba mwathu atsalamo ngati ndani.

"Ine ndimakusirira iwe," anatero. "Ukakwiya umamenyetsa chitseko, umakana kudya, koma madzulo anti amakuitanabe kuti akuluke tsitsi. Ine ngakhale kutsokomola ndimatsokomolera m'bulangeti."

Chaka chonse ndinkayang'ana manja ake, koma sindinaganizepo zomufunsa chomwe chinkawanjenjemeretsa. Pomaliza ndinangoti, "Hande tinodya," kenako ndinabwereza m'Chichewa kuti, "Tiye tikadye," n'kumukoka dzanja.

Ababa anabwera chaka chotsatira, atawonda, atasenza thumba la zakudya. Maso awo anapita pangodya paja asanakhale n'komwe pansi. Tiyamike anagwada kuti afotokoze, koma amayi anamutsekereza n'kunena okha mmene zinayendera. Ababa anayang'ana Yohane amene ankathamangitsa nkhuku za oyandikana nafe panja. Kenako anati, "Ndiye kuti inagwira ntchito yake." Sanaitchulenso, ndipo sanagulenso ina.

Nditakula, nditakwatiwa kale, ndinawafunsa ababa tsiku lina chifukwa chomwe sanandiphunzitsire ine.

"Uja akanamira ndikanapanda kumupatsa chogwira. Iwe ndinkati mwana amene ali ndi bambo wake angathe kudikira." Anakanda kumutu. "Mwina ndinakudikiritsa mopitirira."

Lero ndimamvetsa kuti nsanje yanga sinali yabodza pa zonse. Ndinaiwalidwadi pang'ono, ndipo mwana akaiwalidwa amamva kuwawa kwenikweni, ngakhale m'nyumba muli wina wovutika kuposa iye. Pomwe inkandinamiza ndi pamene inkandiuza kuti Tiyamike walandira mphatso n'kundilanda malo. Nsanje imaona chomwe chili m'manja mwa mnzako, koma sifunsa kulemera kwake, kapena chomwe manjawo anataya asanachilandire.

Sinathe tsiku limodzi. Koma ndikukumbukira tsiku limene ndinazindikira kuti yandichoka. Patadutsa miyezi ingapo ababa atabwera, Tiyamike anakangana ndi amayi pa nkhani ya diresi yomwe ankafuna kuvala kutchalitchi. Anayankha mokweza, analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma. Amayi anaima pakati pa nyumba, mpeni wa ndiwo uli m'manja, nkhope ili gwa. Kenako anandiyang'ana n'kunong'ona kuti iye asamve, "Tsopano ndiye wafika." Atatero anakamukalipira koopsa, ngati mmene ankandikalipirira ine, mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Aka kanali koyamba kuona Tiyamike akulandira chinthu chomwe kale chinali changa ndekha, ine osamva kuwawa ngakhale pang'ono.